Masipika Akakana Kugunda, Yambani Mwayang'ana Pabalaza

Amayi anzanga, nyengo yokolola ikafika kuno kwathu ku Phalombe, nandolo ndi mpendadzuwa zikakwera pa sikelo, m'nyumba zambiri mumabuka nkhani ina imene ife timangoimvera kukhitchini ngati kuti siitikhudza. Abambo amaima pabalaza manja ali m'chiuno, kuyang'ana masipika awiri aatali aja amene anaimikidwa pansi, ina uku ina uku kwa kanema, nkumapukusa mutu. Amati sakugunda. Amati a kwa alamu awo ku Migowi ndiwo amagunda mpaka munthu kumva m'chifuwa, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kukwera minibasi ya ku Limbe kukatenga ena aakulu. Tsono ndalama imene ikukambidwayo ndi yomwe ija ya feteleza, ndi yomwe ija ya fizi ya mwana wa ku sekondale. Nchifukwa chake ine ndikuti nkhaniyi ndi yathu, ndipo tiyenera kuidziwa bwino kuti tikamaikapo mlomo tiziyankhula zomveka.

Chimene ndafuna kukuuzani ndi ichi: mawu akuya aja, amene a kwaya amawatcha besi, sachokera m'bokosi mokha ayi. Gawo lalikulu la kukoma kwake limachokera m'chipinda momwemo, pa malo amene sipika yaima, pa mpando umene munthu wakhala, ndi pa zinthu zimene zili pafupi. Nanga amene amakonza pabalaza ndani? Amene amasankha poika kabati, poika sofa, poyala mkeka ndani? Ndi inu ndi ine. Makamaka kuno kwa ife a chikamwini, kumene nyumba imaima pa dothi la kwa mkazi, sindiona chifukwa choti mwini balaza aziopa kusuntha bokosi la matabwa.

Inu amene munabadwa kale pang'ono mukukumbukira wailesi za Nzeru zopangidwa ku Blantyre, masiku amene nyumba youlutsa mawu inali ya MBC yokha, kanema wa dziko lino asanayambe mu 1999. Mayi anga ankatenga kawailesi kawo nkukakhazika pakamwa pa mtsuko wopanda madzi, ndipo mawu a wowerenga nkhani, amene poyamba ankamveka ngati a munthu wa chimfine, ankasanduka a munthu wamkulu wokhuta. Anyamata a m'mudzi anapitiriza nzeru yomweyo. Ankatola sipika ya m'galimoto, nkuimatirira pakamwa pa mtsuko kapena pa chigubu, ndipo ukwati wonse unkavinidwa ndi chimenecho. Sanapite ku sukulu ya zaumisiri, koma anadziwa chinthu choona. Mbale ya pepala ija ya sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imakhala ikukoka. Ikakhala pamtetete, mpweya wa kutsogolo umangozungulira m'mphepete nkukadzaza kumbuyo, ndipo mawu akuya amathera pomwepo. Mtsuko umalekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Bokosi la sipika yanu ndi mtsuko womwewo, kungoti lavala suti.

Ngakhale ng'oma zathu zimaphunzitsa zomwezo. Gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2014, amaimbidwa ndi ng'oma za misinkhu itatu, ndipo palibe mwana wa Chilomwe amene angayembekeze kuti kang'oma kakang'ono kalire ngati yaikulu. Woimba ng'oma akafuna mawu okwera amaiwamba pamoto kuti chikumba chikungike. Akafuna mawu otsika amamata phula pakati kuti chilemere. Mawu akuya amafuna chinthu chachikulu, cholemera, chokankha mpweya wambiri mosafulumira.

Akatswiri anayeza zimenezi ndi manambala, ndipo ndikupemphani mundipirire pang'ono, pakuti manambalawo ndiwo atsegule nkhani yonse. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira kunjenjemera 20 mpaka 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimanjenjemera ka 41 pa sekondi. Mukagawa mupeza kuti funde limodzi la mawu amenewo ndi lalitali mamita 8 ndi kanthu. Taganizani, funde la mamita 8 m'balaza la mamita 4! Silikwanamo. Limagunda khoma nkubwerera, nkukumana ndi linzake limene likubwera. Pena awiriwo amaphatikizana, mawu nkukula. Pena amafafanizana, mawu nkuzimirira. Pa mawu otsikitsitsawa, kuphatikizana kumachitika m'mbali mwa makoma, kuzimirira kumachitika pakati penipeni pa chipinda. Choncho munthu amene wakhazika mpando wake pakatikati, nkumadandaula kuti masipika sakugunda, akunena zoona. Koma mwana amene wakhala pa mkeka kutsamira khoma akumva mutu kuwawa ndi kugunda komweko. Chipinda chimodzi, nyimbo imodzi, milandu iwiri. Mutagula sipika yaikulu kawiri, pakati paja pazikhalabe chete, koma mwana wa kukhoma uja ndiye azunzike kwambiri.

Mukhoza kudziyesera nokha lero lomwe, abambo ali kudimba. Ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, ya besi yoyenda, kaya ya kwaya ya kwanu kaya ya Lucius Banda, pa voliyumu ya pakati. Yendani pang'onopang'ono kuchoka kukhoma lina kupita kulinzake, kenaka imani pangodya. Mudzamva besi ikukula, ikuchepa, ikukulanso, ngati kuti wina akusewera ndi batani pamene palibe wakhudza kanthu.

Mukamva zimenezo, zotsalazo nzosavuta. Sipika ikayandikira khoma besi imachuluka, chifukwa khoma limabweza mawu amene akanapita kumbuyo. Ikalowa pangodya, pamene makoma awiri akumana ndi pansi, imachuluka kopambana. Apa mpamene ambiri amanyengedwa. Besi ya pangodya ndi yambiri, koma kawirikawiri imakhala ya mawu amodzi, yongoti duu duu ngati chigayo cha dizilo, yosasiyanitsa pamene woimba wakwera ndi pamene watsika. Besi yabwino ndi imene mukhoza kuitsatira ndi pakamwa, kuing'ung'udza monga muchitira ndi nyimbo ya mtondo. Choncho ngati masipika anu ali opyapyala mawu, akankhireni kukhoma pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi nthawi iliyonse, mukubwerera pampando kukamvera. Ngati ali ongobangula, atulutseni pangodya, muwasiyire mpata wa mkono umodzi kumbuyo. Yesetsani kuti mtunda wa kukhoma la kumbuyo usafanane ndi wa kukhoma la m'mbali. Awiriwo atalikirane mamita awiri kapena kuchepera pang'ono, ndipo kuchoka pa aliyense kufika pampando wa abambo pakhale mtunda wofanana. Mpandowo usakhale pakatikati pa chipinda, usakhalenso wogunda khoma ngati malo alipo. Ngakhale kuusuntha phazi limodzi lokha kumasintha zinthu.

Ndikudziwa kuti mabalaza athu ambiri ndi aang'ono, ndipo muli kale tebulo, njinga, mwina ndi matumba a chimanga m'ngodya. Musataye mtima. Matumbawo ngakhale sofa yaikulu zimathandiza kuthyola kubangula kwa chipinda. Makatani ndi mikeka sizigwira mawu akuya kwenikweni, pakuti funde la mamita 8 siliona nsalu, koma zimameza kulira kwa mawu okwera kumene kumachuluka m'nyumba ya simenti ndi malata, ndipo phokosolo likachepa besi imamveka yoyera.

Mwa inu muli amene home theatre yawo ili ndi bokosi lina lapadera, lalifupi ndi lonenepa, lija timati sabuwufa. Limenelo lili ndi ufulu woima paliponse, chifukwa khutu silitha kuloza kumene mawu otsika kwambiri akuchokera. Amisiri ali ndi njira yopezera malo ake imene imaseketsa poiona koma imagwira ntchito. Nyamulani bokosilo mulikhazike pampando pamene pamakhala womvera, muyatse nyimbo, ndipo inu mukwawe m'mbali mwa makoma, khutu lili pafupi ndi pansi. Pamene besi yamveka yodzaza ndi yosalala, pamenepo mpamene bokosilo liyenera kukhala. Tumani mwana akwawe ngati maondo akukana, kapena tsekani chitseko kuti apongozi asakupezeni mukukwawa pabalaza masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati kumbuyo kwa bokosilo kuli kabatani kolembedwa 0 ndi 180, yesani mbali zonse ziwiri, musiye kumene besi yamveka yambiri muli pampando.

Palinso vuto lina lobisika limene laonongetsa ndalama za anthu osalakwa. Sipika iliyonse imalandira mawaya awiri, ndipo polumikiza pake pali chofiira ndi chakuda, kapena chizindikiro cha kuphatikiza ndi cha kuchotsera. Tsiku lokonza m'nyumba, kapena tsiku limene zipangizo zinabwerekedwa ku chinkhoswe, mawaya amazulidwa, ndipo wobwezeretsa amangolowetsa mmene wafunira. Sipika imodzi ikalumikizidwa motembenuza imalirabe, osaonetsa cholakwa chilichonse, koma pamene inzake ikukankha mpweya iyo imakhala ikukoka, ngati akazi awiri osinja mtondo umodzi amene misi yawo ikuombana. Besi imathawa, ndipo mawu a woimba amamveka omwazika, osadziwika pamene aima. Mchemwali wanga wina anatsala pang'ono kugulitsa mbuzi chifukwa cha vuto limeneli, munthu wa pasitolo ina atawauza kuti ampulifaya yapsa. Mwana wawo wa Fomu 3 anangotsata mawayawo ndi chala, nkutembenuza umodzi, nyumba nkudzaza. Mbuziyo ilipo, ndipo inaswa awiri. Ngati mawaya anu alibe mitundu, azuleni ku ampulifaya, mutenge batire limodzi la tochi, mugunditse nsonga ziwirizo kamphindi kochepa mukuyang'ana mbale ya sipika. Ikatulukira kunja, waya umene wagunda kumutu kwa batire ndiwo wa kofiira. Chitani chimodzimodzi ndi inzake.

Tsopano ndifike pa zimene zili m'manja mwathu tokha, zimene abambo saziona nkomwe. Masipika ambiri ali ndi bowo lozungulira, kutsogolo kapena kumbuyo. Bowolo si chilema, ndipo si posungira rimoti kapena makiyi. Ndi pakamwa pa mtsuko uja: mpweya wa m'bokosi umapumira pamenepo, ndipo kukula kwake anachita kuyeza kuti kuthandize mawu otsika. Kansalu koluka kamene timakonda kuyala pamwamba kakalendewera nkutseka bowolo, besi imachepa. Likakhala kumbuyo, sipika nkuigunditsa kukhoma, yatsamwa. Komanso makoswe ndi mphemvu zimaliona ngati khomo la nyumba yaulere, ndipo khoswe akalowa amadya mawaya ndi thonje la m'kati. Ngati nyumba ikhala yotseka masabata angapo, tsekani bowolo ndi nsanza, koma mukumbukire kuchotsa pobwera. Kungoti, ngati chipinda chanu chili chobangula kwambiri ndipo palibe kosunthira sipika, nsanza yomweyo kapena siponji yolowetsedwa pang'ono m'bowomo imaweta besi yolusa.

Kenaka pali zinthu zimene zimalira pamodzi ndi nyimbo popanda kuitanidwa. Botolo la maluwa pamwamba pa sipika, matambula a galasi m'kabati, chithunzi cha ukwati pakhoma, magalasi a zenera olowa momasuka, lata limene msomali wake unazuka ndi mphepo ya Chiperoni. Zonsezi zimanjenjemera, ndipo womvera amaganiza kuti sipika yang'ambika. Ikani nyimbo, muyende mukugwira chinthu chimodzichimodzi ndi dzanja. Chimene mwagwira phokoso nkuleka, ndiye wakubayo. Kapepala kopinda, kansalu pansi pa matambula, msomali umodzi padenga, basi.

Za pansi ndiyankhulepo mofatsa, chifukwa pamenepa mpamene katundu amafera. Sipika iyenera kuima nji, osagwedera. Ikamagwedera, mphamvu imene ikanakankha mpweya imathera kugwedeza bokosi. Dulani tizidutswa tinayi ta patapata wakutha kapena ta tayala, muike m'ngodya zake. Koma chachikulu ndi madzi. Mabokosi ambiri a masiku ano si a thabwa lenileni, ndi a utuchi wopanikiza ndi zomatira, ndipo utuchi ukamwa madzi umafufuma, sumabwereranso. Ife timakolopa m'mawa uliwonse, ndipo chikolopa chimapsompsona tsinde la sipika tsiku ndi tsiku mpaka mfundo zake zitatseguka. Bokosi likayamba kutulutsa mpweya m'ming'alu lasanduka mtsuko wosweka. M'nyumba yozira ndiye muli chinyontho cha dzinja ndi chiswe. Ife a m'tsinde mwa Michesi sitifunika kuuzidwa za madzi. Napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anatiphunzitsa zowawa zoposa za masipika. Koma ngakhale mvula wamba ya Januwale imalowa pansi pa chitseko. Khazikani sipika iliyonse pa njerwa zootcha zoyalidwa bwino kapena pa thabwa lochindikala, kuti ikwere zala zinayi kapena zisanu. Besi siichepa ndi kukwera kotereku, ndipo timasipika ting'onoting'ono ta pamwamba timayandikira msinkhu wa khutu la munthu wokhala pampando, kumene kuli koyenera.

Batani la besi lija, limene anyamata amalipotokola mpaka kumapeto, ndi bwenzi lonyenga. Kuti mawu akwere pang'ono pokha, ampulifaya imafuna mphamvu yowirikiza kawiri. Kuti khutu limve ngati akula kawiri, imafuna yowirikiza pafupifupi kakhumi. Ikapemphedwa zimene ilibe imayamba kutulutsa mawu ophwanyika, ndipo mawu ophwanyikawo ndiwo amaotcha masipika. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Inu amene mumadalira sola mwaona nokha nyali ikuphethira nthawi iliyonse ng'oma ya m'nyimbo ikagunda. Kumeneko ndi kudandaula kwa batire. Besi ndiyo imadya moto kuposa mawu ena onse, ndipo ikadya usiku, mawa lake foni ilibe potchajira, ana alibe nyali yowerengera. Waya wochoka ku batire ukakhala wautali ndi woonda umaonjezera vutolo. Ufupikitseni, mupeze wonenepa.

Pali chifukwa chimene anthu amakwezera voliyumu, ndipo si kupusa. Akatswiri awiri a ku America, Fletcher ndi Munson, anaonetsa mu 1933 kuti khutu la munthu silimva bwino mawu otsika pamene nyimbo ili pansipansi. Mukatsitsa voliyumu, besi ndiyo imayamba kusowa. Nchifukwa chake zipangizo zina zili ndi batani lolembedwa Loudness, limene ntchito yake ndi kuonjezera besi pamene mukumvera motsitsa, monga usiku. Pamenepo ndi pamene batani la besi liyenera kukwera pang'ono. Voliyumu ikakwera, ilo litsike.

Ndanena zonsezi kuti nyimbo ikome, koma pali china chimene chimandisowetsa mtendere ndikalowa m'nyumba zina. Sipika ya pansi imaima pa msinkhu wa khutu la mwana wokwawa. Munthu wamkulu ali pasofa mamita atatu kutali, koma khanda lili pomwepo, likugwira nsalu ya sipika ndi timanja, likusekerera kunjenjemerako. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva phokoso la madesibelo 80, ndipo kwa ana malire ake ndi otsikirapo, madesibelo 75. Ife tilibe makina oyezera, koma chizindikiro chilipo: ngati muyenera kukweza mawu kuti munthu amene ali pafupi, woti mukhoza kumugwira ndi dzanja, akumveni, phokosolo lapyola. M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tiubweya timene tikafa sitimeranso, ndipo sitifa mopweteka kuti mwana alire. Zimadzadziwika patapita zaka, mphunzitsi akuti mwanayu samvera m'kalasi. Sipika imene yaikidwa pamalo oyenera imakhutiritsa pa voliyumu yotsika, ndipo ichi ndicho chimandichititsa kuumirira kuti tiyambe ndi kusuntha. Onaninso kuti masipika aataliwo sangagwere mwana amene akuphunzira kuimirira pogwira zinthu.

Anansi nawonso tisawaiwale. Khoma limatchinga mawu okwera, koma otsika amapyola njerwa ngati madzi m'dengu. Inu a m'nyumba za lendi za mdadada, pa boma kapena pa Chiringa, mukudziwa mmene zimakhalira: mawu a nyimbo simukuwamva, koma kugunda kokha kukubwera m'bedi mpaka pakati pa usiku. Musaike sipika kapena sabuwufa pa khoma limene mukugawana ndi mnzanu, makamaka ngati kuseri kwake ndi kuchipinda chogona. Tsiku lina madzulo tulukani panja nyimbo ikulira, muzungulire nyumba, mumve zimene ena amamva. Za tsiku la maliro m'mudzi sindinena, pakuti mwambo umenewo tonse tinaubadwira.

Zonsezi zikachitika, nkutheka kuti besi idzakhalabe yoperewera, chifukwa mbale yaing'ono ngati sosala singakankhe mpweya wa ng'oma yaikulu. Pamenepo kugula kuli ndi chifukwa, ndipo ndikukulangizani kuti ulendo wa ku Limbe mupite nawo. Musatengeke ndi manambala akuluakulu a pa katoni, aja amati mawati masauzande nkutsatira zilembo za PMPO. Amenewo ndi a otsatsa malonda. Nambala yoona ndi imene yalembedwa RMS, ndipo kawirikawiri imakhala yaing'ono, yobisala kumbuyo kwa chipangizo kapena m'kabuku. Musatengekenso ndi timagetsi tothwanima. Nyamulani bokosilo: lolemera ndilo labwino. Ligogodeni m'mbali ndi chala monga muchitira posankha mphika pamsika; lolimba limayankha mwachidule, lopyapyala limalira ngati chitini. Yang'anani mphira wa m'mphepete mwa mbale ngati ulibe mng'alu. Tengani nyimbo yanuyanu pa foni, ndipo wogulitsa akakweza voliyumu kuti akugonjetseni, mupempheni mwaulemu atsitse mpaka pamene mungathe kucheza ndi abambo osakuwa, nkumvera pamenepo ngati gitala ya besi ikutsatirika.